Mbendera ya Nkhope Zitatu ya a Lameck

Alamu anga a Lameck amadziwa kujambula nkhope imodzi yokha. Eni ake amakana mpaka lero, ndipo akakana ine ndimaseka mowapsetsa mtima, poti anakwatira mkulu wanga Winnie, ndipo pachilamu chipongwe sichilipitsa.

Asanabwere kuno ku England, ntchito yawo inali yolemba zikwangwani ku Limbe. Ankalemba za magolosale, za malesitilanti, za pa minibasi, koma kwenikweni za malo ometera. Mukuzidziwa zikwangwani zoonetsa mitu zija: wina wayang'ana kutsogolo, wina kumanzere, wina kumanja, kuti wodzameta aloze yekha kametedwe kamene akufuna. Kuchokera pamsika wa Limbe mpaka ku Bangwe, mitu yambiri inali ya a Lameck. Tsitsi ankasintha, apa seda, apo mpala wonyezimira. Koma munthu wake anali yemweyo: mpata pakati pa mano akutsogolo, chipsera pamwamba pa diso lakumanja, ndi khutu lakumanzere lodukako nsonga. Ometa ena ankadandaula kuti makasitomala aziyesa lumo la pamenepo limadula makutu. A Lameck ankayankha kuti amene sakufuna akapeze wojambula wina, ojambula sanathe m'tauni.

Mwini nkhopeyo ndinamuona tsiku la ukwati wawo ku Phalombe, ndili Fomu 2. Bambo awo a mkwati ataimirira kuti alankhule, ndinagwira Winnie chigongono n'kunena mokweza kuti, “Kodi awa si a pa babashopu aja?” Amayi ananditsina pantchafu, chizindikiro chake chinakhala sabata. Anali aphunzitsi a Chawe, katekisiti amene anayenda pa njinga zaka makumi atatu kuphunzitsa ana katekisimu m'matchalitchi a m'midzi. Khutulo linadulidwa ndi waya ali mnyamata ku esiteti ya tiyi.

A Lameck anafika ku Birmingham mu 2004 ngati mlendo wodzaona malo, ndipo malowo sanamalize kuwaona mpaka masiku a viza yawo anatha. Winnie anawatsatira. Ine ndinabwera pambuyo, ndi ntchito yanga ya unamwino. Mu 2008 aphunzitsi a Chawe anamwalira. A Lameck analibe mapepala okhalira kuno, ndiye kupita kumaliro kukanakhala kupitiratu, kusiya mkazi ndi khanda, Zoe, m'chipinda chimodzi cha lendi ku Tipton. Sanapite. Anaimba foni tsiku loika, anamva chiyambi cha nyimbo, foni n'kuduka. Anali mwana wamwamuna mmodzi yekha m'banjamo.

Mapepala atatuluka patapita zaka zisanu ndi ziwiri, anapita kukaona manda. Anthu kumudzi anawalandira, koma mawu akuti “mwana wamwamuna sanaponye dothi” anali atafika kale m'makutu mwawo. Manyazi anawamanga pakamwa. Sanafunse kuti bokosi ananyamula ndani, anayimba nyimbo ziti, analalika ndani. Anawaka manda ndi simenti n'kubwerako.

Chithunzi cha bambo awo chinalipo chimodzi, pakhoma kwa mlongo wawo. Namondwe wa Freddy anatenga khomalo pamodzi ndi chithunzicho. Ndinawafunsa kuti bwanji sanachijambule pa foni nthawi imene anapita ija. Anati ankaganiza kuti chithunzi sichithawa.

Kuno ntchito yawo yakhala ya pa nyumba yosamalirako okalamba ku Erdington. Amasintha mababu, amakonza zitseko, amapaka makoma penti yooneka ngati phala la ana. Munthu amene ankatulutsa nkhope pa thabwa fodya asanathe kukamwa kwa mwini babashopu, wakhala zaka zonsezi akupaka makhonde mtundu umodzi, ndipo sindinawamvepo akudandaula. Chimene chinawadandaulitsa ndi dzanja. Chaka chatha linayamba kunjenjemera, poyamba chala chachikulu chokha, kenako lonse. Ine poti ndine namwino ndinadziwa ndisanauzidwe. Madokotala anapereka mapilitsi, nanena mosabisa kuti matenda ake sabwerera m'mbuyo.

Tsono ife Akatolika a ku Malawi okhala kuno tili ndi mphakati wathu, dzina lake Utatu Woyera. Timakumana kamodzi pamwezi, 2 koloko masana, m'tchalitchi china ku Erdington. Bambo Mfumu ndi mzungu wokalamba wa ku Ireland. Misa amachita m'Chingerezi, nyimbo timayimba m'Chichewa, ndipo amatilola ng'oma bola tisadzutse oyandikana nawo. Anthu amachokera ku Coventry, ku Tipton, ku Wolverhampton. Chaka chino mphakati unakwanitsa zaka khumi, ndiye tinagwirizana kuti pa Lamulungu la Utatu Woyera tidzakhale ndi mdipiti wolowera m'tchalitchi, kutsogolo kuli mbendera yaikulu. Wapampando anati tiitanitse pa intaneti. A Lameck, amene pamisonkhano amangobwera kudzayala mipando, anaimirira.

“Mbendera ndijambula ine.”

Tonse tinayang'ana dzanja lija. Analiika m'thumba n'kukhala pansi, nkhani n'kutha.

Anaijambula milungu isanu ndi umodzi m'kashedi ka kuseri kwa nyumba yawo, konko ku Erdington kumene akukhala pano. Akamwa mapilitsi m'mawa, dzanja limakhala phee pafupifupi ola limodzi, ndipo ola limenelo ndilo ankagwira. Anasema kandodo, kunsonga kwake n'kumangako mpira wa sanza, kuti azitsamiritsapo mkono monga ankachitira ku Limbe. Tsiku lina ankangotha diso limodzi. Ine ndinapinda m'mphepete mwa nsaluyo pa makina ndi kusoka timatumba tolowetsamo mitengo iwiri yonyamulira, koma chojambulacho anandikaniza kuona. Woyamba kuchiona anali Zoe, amene tsopano ali ku yunivesite, atalowa m'shedimo kufuna pampu ya njinga.

“Dad, that's actually scary,” anatero. “Who is it?”

“Ndi Mulungu.”

“He's got your forehead.”

Anamutulutsa.

Kutatsala milungu iwiri, komiti inakumana pabalaza pawo. A Lameck anafunyulula nsalu ija pakhoma. Kunena zoona inali ntchito yokongola, ndipo ndikunena izi ine amene sindiwayamikira kawirikawiri. Mapewa amodzi atavala mkanjo woyera, khosi limodzi, koma nkhope zitatu. Ya pakati ikukuyang'ana iweyo, milomo yotseguka pang'ono, mpata wa mano uli poyera. Ya kumanja yayang'ana uko, chipsera chili pamwamba pa diso. Ya kumanzere yayang'ana uku, khutu lodukako nsonga. Kuseri kwake kuwala kwa golide, ndipo m'munsi malemba owongoka ngati a makina: ATATE, MWANA, MZIMU WOYERA. Anachita monga ankachitira pa zikwangwani, munthu mmodzi kumuonetsa mbali zitatu. Winnie anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Ife awiri tinadziwa kuti alowa pabalaza ndani.

Pakomiti pathu pali Clinton. Anakhala ku seminale zaka zisanu, anatuluka, anabwera kuno kudzaphunzira mbiri yakale, ndipo pano amaphunzitsa pa sekondale ina ku Coventry. Si munthu woipa. Vuto lake ndi lakuti nthawi zambiri amakhala akunena zoona, ndipo amanena ngati akukuwerengera mlingo wa mankhwala. Anayang'ana mbenderayo, anavula magalasi, anavalanso.

“Ankolo, with all respect, iyi singalowe m'tchalitchi.”

“Chitseko chachepa?” anafunsa a Lameck.

“Ayi. Zithunzi zoterezi zinaletsedwa kalekale.” Anatulutsa foni, anasakasaka, n'kuwapatsa. “Onani. Nkhope zitatu pa mutu umodzi. Ku Europe kuno zinalipo zambiri. Mu 1628 Papa analamula kuti ziwotchedwe. Mu 1745 Papa wina analembanso kalata, same issue. Akuluakulu a Mpingo ankati chimenechi ndi chilombo, osati Mulungu. Zina anazitentha, zina anazipaka penti pamwamba.”

Ndinkayembekeza kuti alamu anga apsa mtima. Koma anagwira foniyo ndi manja awiri, anaiyandikiza kumaso, anakulitsa chithunzi ndi chala chonjenjemera. Chinali chithunzi chakale chakuda bii, nkhalamba ya ndevu, maso anayi, mphuno zitatu. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

“Anajambula ndani ameneyu?”

“Sakudziwika. Ambiri anali ma painter a m'midzi basi.”

“Ohoo. Ndiye kuti tinalipo ambiri.” Anamwetulira ngati munthu amene wakumana ndi wakwawo pa depoti. “Mphuno ya pakati anaiphonya, koma mkuluyu ankaidziwa ntchito. Anamuwotchera?”

“Iyi inapulumuka. Ili ku museum.”

“Ndiye kuti anakana.”

Wapampando anafunsa chifukwa chake zinaletsedwa. Clinton anati ankaopa kuti anthu wamba, osaphunzira, aziganiza kuti Mulungu amaonekadi choncho. Apa ndi pamene ine ndinayaka. Ndili ndi mtima wapachala, sindibisa.

“Osaphunzirawo ndi ife? Ine ndimapereka mankhwala a mtima kwa azungu tsiku ndi tsiku, ndiye nsalu ndi imene indisokoneze mutu? Nanga nkhalamba ya ndevu zoyera yokhala pa mtambo ija, anakumana nayo kuti poijambula? M'mashopu a ku Bullring?”

Clinton sanatekeseke. Anati nkhalambayo mneneri anaiona m'masomphenya, nkhunda inaoneka pa mtsinje tsiku la ubatizo, Mwana anabadwa n'kuyenda pakati pa anthu. Zimene Mulungu anazionetsa yekha ndizo zololedwa kujambula. Mutu wa nkhope zitatu palibe anauonapo. Zimenezi zinandipsetsa mtima koposa. Ndinangoti mutu umodzi susenza denga, mwina n'chifukwa chake a Lameck anawonjezerapo nkhope. Anaseka ndi Winnie yekha, nayenso kuseka kwa mantha.

Patapita masiku atatu Bambo Mfumu anabwera okha ku shedi, Clinton ali pambuyo. Anaima patsogolo pa mbenderayo manja ali kumbuyo. Anati ndi ntchito ya munthu wopemphera, ndipo sakukayika za mtima wa a Lameck. Koma pa Misa singalowe. Anapereka njira ziwiri. Yoyamba, ikapachikidwe mu holo momwera tiyi. Yachiwiri, nkhope za m'mbalizo ziphimbidwe ndi mitambo, itsale ya pakati kukhala Atate, ndipo awonjezerepo mtanda ndi nkhunda. Clinton anali atagula kale kachitini ka penti yabuluu. Anakaika pa benchi, n'kunena mwaulemu wonse kuti ngati dzanja likuvuta, mitamboyo atha kupaka iyeyo Loweruka.

“Dzanja langa likunjenjemera,” anatero a Lameck, “koma silinaitane waganyu.”

Atapita, Winnie analira. Anati iye ndi amene amakhala ndi amayi anzake m'kwaya, ndi iye amene adzalozedwe chala kuti mwamuna wake anajambula chilombo. Anandituma kuti ndikalankhule nawo, poti ine samanditha. Ndinawapeza atakhala pa chidebe, akuyang'ana ntchito yawo. Kachitini kaja kanali pomwe kanasiyidwa.

“Alamu, tisanamizane. Awa ndi aphunzitsi a Chawe.”

“Ndi Atate.”

“Atate a ndani?”

Anatola katoni ndi pensulo, anayesa kulemba mzere umodzi wowongoka. Unatuluka wokhotakhota ngati njira ya nyerere. Anandionetsa.

“Ola lija latsika, Dinnah. Pano ndi theka. Khutu ili ndinalijambula masiku anayi. Imeneyi ndi yomaliza, sindidzathanso ina. Akaliphimba ndi mtambo, palibenso kwina kumene lili. Chithunzi chinapita ndi madzi. Zoe sanawaonepo.”

Ndinamva chisoni, ndipo chisoni chikandigwira ndimayankhula mokalipa. Ndinati ngati ndi choncho aisunge pabalaza, palibe Papa amene adzabwere kudzawotcha za pabalaza pa munthu. Anapukusa mutu.

“Munthu uja anayenda patsogolo pa mdipiti zaka makumi atatu atanyamula mtanda. Ine sindinayende pambuyo pa bokosi lake ngakhale phazi limodzi. Lamulungu limeneli ndiyenda naye. Iyeyo ndi amene anandiphunzitsa kuti munthu analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Ine ndangobweza nkhope kwa mwini wake.”

“Bambo Mfumu akana.”

“Akana za m'tchalitchi. Za msewu sananene. Msewu ndi wa khansolo.”

Ndiyeno anandikumbutsa kuti mbenderayo ndi ya mitengo iwiri, ndipo amene anasoka timatumba tiwiri ndine. Ndinawauza kuti ine ndine mlembi wa mphakati, ndimayimba alito, ndipo sindinajombepo Misa ya Utatu Woyera chibadwire. Anati amva. Ndinawatchula nkhutukumve, anavomera. Potuluka ndinawafunsa kuti tinyamuka nthawi yanji.

Tsikulo kunali kamvula kowaza, ka ku England kosanyowetsa msanga koma kosaleka. Winnie anapita yekha kutchalitchi atavala chitenje cha mphakati, osatiyankhula. Ife tinanyamuka pakhomo pawo hafu pasiti wanu, a Lameck atavala suti ya ukwati wa winawake, ine nditavala chitenje chomwecho cha mphakati, poti palibe anandichotsa. Iwo mtengo wakumanzere, ine wakumanja. Dzanja lawo linkagwedeza mtengo, mtengo n'kumagwedeza nsalu, moti nkhope zitatuzo zinkanjenjemera njira yonse.

Tinadutsa pamsewu waukulu wa mashopu. Manyazi ndinali nawo, ndisaname, koma ndinawongola khosi. Ana ankaloza. Mayi wina wa chikuku cha mwana anawoloka msewu. Dalaivala wa basi analiza hutala, kaya motiyamikira kaya motithamangitsa. Pa babashopu ina, mwini wake wa ku Jamaica anatuluka makina ometera ali m'manja, anayang'anitsitsa mzere wa tsitsi pa nkhope ya kumanja, n'kufunsa kuti wojambula ndani, poti amafuna chikwangwani. A Lameck anamuuza kuti wachedwa ndi chaka chimodzi, ndipo sanaime.

Titafika, mdipiti unali ukuyamba pamsewu, kunja kwa geti la tchalitchi. Kutsogolo kunali mtanda wokha, mbendera panalibe. Kwaya inatiwona, nyimbo inagwedera pang'ono, ng'oma n'kuitolanso. Bambo Mfumu anatiyang'ana, anagwedeza mutu ngati moni, n'kulowa. A Lameck anayenda pambuyo pa mdipiti mpaka pageti, pamene simenti ya khansolo imathera, ndipo anaima pomwepo. Sanaponde bwalo la tchalitchi ngakhale chala. Chitseko chinatsekedwa, ife tinatsala panja ndi kamvula kaja. Nyimbo zinkamveka, ndipo alito inali yoperewera, zimene zinandisangalatsa pang'ono.

Ulaliki utatha, Clinton anatuluka. Tsikulo anali wolandira anthu pakhomo. Anabwera ndi ambulera.

“Ankolo, please. Ipindeni, tiisunge m'galimoto mwanga, mulowe mulandire. Palibe amene akukuthamangitsani.”

“Ndikudziwa.”

“Ndiye mukupindulanji pamenepa?”

“Ndikuyenda ndi munthu.”

“Mwaima.”

“Nayenso waima.”

Akulimbana choncho, basi inaima patsidya, ndipo munatsika mayi wina wa zaka ngati makumi anayi, jekete pamwamba pa yunifolomu, chitenje chili m'manja. Ndinali nditamuonapo kamodzi. Dzina lake Dorica, namwino amene anangofika miyezi isanu yapitayo, amagwira ntchito pachipatala cha Walsgrave. Anali atachedwa pochokera ku shifiti ya m'mawa, ndipo ankathamanga akumangira chitenje m'chiuno. Atafika pageti anakweza maso. Anaima. Chikwama chinatsetsereka paphewa n'kugwera m'madzi.

“Mayo ine! Aphunzitsi a Chawe!”

Anapinda maondo pang'ono n'kuwomba m'manja mwaulemu, monga mwana wa kumudzi akakumana ndi wamkulu panjira. Sanachite chizindikiro cha mtanda. Malemba a m'munsi aja sanawaone n'komwe.

“Mwawatenga kuti amenewa? Ine anandiphunzitsa katekisimu pansi pa mtengo wa mango. Ukalakwitsa ankakukoka khutu, ife n'kumanena kuti akufuna lifanane ndi lawo.” Ankaseka, misozi ikutsika. “Khutu lake ndi lomweli. Mano omwewa. Ayi ndithu, ndi iwowo.”

Clinton analankhula motsitsa mawu, ndipo sanali kunyada.

“Mwaona, ankolo? Akuona munthu. Sakuona Mulungu. Zimene Mpingo unkaopa ndi zimenezi.”

“Ndaona,” anatero a Lameck. “Wawina, mwanawe. Papa wakoyo ankadziwa zimene ankanena.” Sanamuyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Dorica. “Mayi, mwati khutu ndi lomweli? Sindinalikulitse?”

“Ndi lomwelo. Inu ndinu ndani wawo?”

“Mwana wawo.”

“Wa ku UK uja?”

Mawu a kumudzi aja anali atawatsatira alamu anga mpaka pageti la ku Erdington, ndipo ndinakonzeka kumuyankha mayiyo ine, mlendo kapena ayi. Koma Dorica anapitiriza.

“Ankakutchulani. Ankati mwana wanga anandijambula Limbe yonse, ndikapita m'tauni ana amandilozera kuti uyo wa pa babashopu. Ankanyadira zimenezo. Pamaliro pawo ndinalipo ine, ndinali m'kwaya.”

Mtengo wa a Lameck unayamba kugwedezeka kwambiri moti nsalu inkakupiza. Anayesa kuugwira ndi manja awiri, koma sizinathandize. Clinton anayang'ana chitseko cha tchalitchi, anayang'ana mbendera, n'kupinda ambulera yake. Anaugwira mtengowo pamwamba pa dzanja lawo.

“Ndingogwirizira. Koma m'kati silowa, ankolo.”

“Sindinakupemphe kuti ilowe.”

Anausiya mtengo m'manja mwa Clinton, ndipo nkhope zitatu zija zinaima nji kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Zoe, amene anali atakhala kumbuyo m'tchalitchi, anali atasuzumira pakhomo. Bambo ake anamukodola kuti abwere. M'katimo kabelu kanalira ka pa nthawi yokweza Ukalistia, ndipo ine, mlembi wa mphakati, ndinali panja nditanyamula chinthu choletsedwa chiyambire 1628. Sindinadandaule, ndipo mpaka lero sindikudandaula. Kachitini kabuluu kaja kakadali pa benchi m'shedi, kosatsegula.

A Lameck anatola chikwama cha Dorica m'madzi muja, anachipukuta ndi mkono wa suti, n'kumupatsa. Dzanja lonjenjemera lija sanaliike m'thumba.

“Mayi, Misa mwachedwa kale. Ndiuzeni. Yambirani pamene ankatulutsa bokosi m'nyumba. Ananyamula ndani kutsogolo?”